Kanema m'kalasi, nkhono kudambo: zomwe ofufuza apeza pa kaphunzitsidwe ka sayansi

Mwana wanu wa kusekondale waweruka, wafika pakhomo thukuta lili kamukamu. Mukumufunsa zomwe waphunzira lero, iye n'kukulakatulirani m'Chingerezi chosalala ulendo wonse wa kachirombo ka likodzo: kuchoka m'thupi la munthu, kulowa m'nkhono, n'kubwereranso kwa munthu. Mtima wanu wakondwa. Koma asanadye n'komwe wavula yunifolomu, watenga sopo, uyo kudambo kukasamba ndi anzake, m'madzi momwemo muli nkhono zomwe wangozitchula.

Ngati mumakhala kwa mfumu yaikulu Malemia m'boma la Nsanje, kapena kwina kulikonse m'Chigwa cha Shire, izi si zachilendo. Mwanayo sikuti ndi wosamva. Phunziro laloŵa m'kope, koma silinamufike pamtima, chifukwa chinthu chomwe akuuzidwa kuti achiope sanachionepo ndi maso ake.

Ichi n'chifukwa chake ambiri ayika chiyembekezo pa zipangizo zamakono monga matabuleti, makompyuta, mafoni ndi mapulojekita, kuti mwina zingaonetse ana zomwe choko ndi bolodi zalephera. Mwina komiti ya sukulu yanu yayamba kale kukamba zosonkha ndalama zogulira zipangizo zotere. Mwinanso mwana akukuvutitsani kuti mumugulire foni yaikulu "ya sukulu". Musanamasule mfundo ya pachitenje, ndi bwino mudziwe zomwe ofufuza apeza. Mwachidule, apeza kuti chipangizo chimathandiza pokhapokha mphunzitsi akadziwa chomwe akufuna kuti mwana aone nacho.

Phunziro la zinthu zosaoneka

Bayoloje ndi sayansi ya zinthu zamoyo. Kuvuta kwake n'kwakuti zambiri zomwe amaphunzira ana n'zazing'ono kwambiri, kapena zimachitikira mkati mwa thupi, kapenanso zimatenga masabata kuti zitheke. Dzira la nyongolotsi ya likodzo silifika ngakhale theka la milimita kutalika kwake. Kachirombo ka malungo kamabisala mkati mwa selo ya magazi. Ka kolera ndiye kakang'ono koposa apa.

Akatswiri enieniwo sadakhulupirire zinthuzi mpaka ataziona. Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa mumzinda wa Delft ku Holland, adaona tamoyo tosambira m'dontho la madzi a m'nyanja m'chaka cha 1674, pogwiritsa ntchito kagalasi kamodzi komwe adasula yekha. Dokotala Theodor Bilharz adapeza nyongolotsi ya likodzo ku Cairo mu 1851. Ronald Ross adaona kachirombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897. Onsewa adayamba ndi kuona, kufotokoza kudabwera pambuyo.

Ana athu ambiri timawayambitsira kumapeto. Sukulu zambiri za sekondale zoyendera zilibe labotale yokwanira, ndipo komwe kuli maikulosikopu, omwe ndi makina okulitsira zinthu zing'onozing'ono, amakhala ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira. Onjezanipo nkhani ya chiyankhulo. Mwana wa ku Nsanje kunyumba amayankhula Chisena kapena Chimang'anja, koma sayansi amaiphunzira ndi kuilemba mayeso m'Chingerezi, momwenso muli mawu a Chilatini. Akapanikizika chotere, chomwe chimamutsalira n'kuloweza basi.

Sitikuyambira poyera

Dziko lino lidayamba kale kuyesa luso lamakono m'sukulu. Ambiri mukukumbukira pologalamu ya pawailesi ya Tikwere yomwe idayamba kumveka pa MBC mu 2008, yophunzitsa ana a makalasi oyambirira. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 kaamba ka Covid-19, wailesi ndiyo idafikiranso ana ambiri a kumudzi, pomwe maphunziro a pa intaneti adapindulira ochepa omwe adali ndi foni, magetsi ndi ndalama ya bandulo.

Mu 2023 unduna wa zamaphunziro udayamba ndondomeko ya BEFIT, yopereka matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, kuti aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu. Cholinga chake n'chakuti ifike m'sukulu zonse za pulayimale za boma.

Kumbali ya sayansi ya kusekondale, kuyambira 2004 aphunzitsi akhala akuchita maphunziro a SMASSE, omwe adayamba ndi thandizo la dziko la Japan mogwirizana ndi sukulu ya aphunzitsi ya Domasi. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti ophunzira azigwira ndi kuyesa zinthu okha, osangomvera. Aphunzitsi amadziwanso mawu akuti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi: mabotolo, masamba, dothi, zitsekerero. Mfundo ziwirizi muzisunge, chifukwa kafukufuku wa kunja akubwereranso pomwepa.

Zomwe kafukufuku waonetsa

Tiyambe ndi nkhani yowawa. Dziko la Peru, ku South America, lidagawa malaputopu mazanamazana a zikwi kwa ana a m'sukulu za kumidzi. Ofufuza a banki ya Inter-American Development Bank adatsatira sukulu 319 ndipo mu 2012 adalengeza kuti patatha miyezi 15 ana adali atazolowera makinawo, koma pa masamu ndi chiyankhulo sadapose anzawo omwe sadalandire. Malaputopu adafika, koma kaphunzitsidwe kadali komwe kaja.

Bungwe la OECD nalo mu 2015 lidaunika zotsatira za ophunzira a zaka 15 m'maiko ambiri. Lidapeza kuti ogwiritsa ntchito kompyuta mwa apo ndi apo kusukulu amachitako bwino, koma oigwiritsa ntchito mopitiriza muyeso amakhoza mochepera. Lipoti la UNESCO la 2023 lidatsindika zomwezi: umboni wodalirika wakuti zipangizo pazokha zimakweza maphunziro ndi wochepa, ndipo foni yongokhala pafupi ndi wophunzira imamusokoneza.

Koma pali nkhani yabwino, ndipo ndi ya konkuno. Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham adachita kafukufuku pasukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2015. Ana a Sitandade 2 ndi 3 omwe adagwiritsa ntchito tabuleti ya masamu kwa mphindi 30 patsiku kwa masabata asanu ndi atatu adapita patsogolo kuposa anzawo. Taonani kusiyana kwake ndi Peru: zomwe zidali m'tabuletimo zidali m'Chichewa, zidatsata silabasi ya dziko lino, nthawi idali yoikika, ndipo padali wamkulu woyang'anira.

Pa sayansi penipeni, ofufuza atatu, Ton de Jong, Marcia Linn ndi Zacharias Zacharia, adalemba m'magazini ya Science mu 2013 atayerekeza labotale yeniyeni ndi yoyerekezera ya pakompyuta. Adapeza kuti iliyonse ili ndi mphamvu yake. Ya pakompyuta imaonetsa zosaoneka ndi maso, imafupikitsa zinthu zotenga nthawi, ndipo mwana atha kubwereza kangapo popanda kuononga kanthu. Yeniyeni imaphunzitsa manja, komanso kuti zinthu zamoyo sizitsata nthawi zonse chithunzi cha m'buku. Ana amapindula kwambiri ziwirizi zikaphatikizidwa.

Nanga mphunzitsi? Punya Mishra ndi Matthew Koehler a ku yunivesite ya Michigan State adafotokoza mu 2006 kuti mphunzitsi amafunika nzeru zitatu zolukana ngati mafuwa: kudziwa phunziro lake, kudziwa kaphunzitsidwe, ndi kudziwa chipangizocho. Fuwa limodzi likasowa, mphika sukhala. Katswiri wa kompyuta wosadziwa pomwe ana amasokonekera pa nkhani ya kayendedwe ka magazi sangawathandize. Naye Peggy Ertmer wa ku yunivesite ya Purdue adaonetsa mu 1999 kuti zopinga zilipo za mitundu iwiri. Zina n'zakunja, monga kusowa kwa zipangizo, nthawi ndi maphunziro. Zina zili mumtima mwa mphunzitsi, monga mantha ochita manyazi pamaso pa ana, kapena chikhulupiriro chakuti kuphunzitsa ndi kulembetsa manotsi basi. Ndalama zimachotsa zopinga zoyambazo, koma zachiwirizo zimafuna nthawi ndi kulimbikitsana.

Phunziro limodzi, njira zitatu

Tiyerekeze kuti aphunzitsi atatu akuphunzitsa za likodzo tsiku limodzi.

Woyamba wajambula chithunzi cha mivi yozungulira pabolodi. Ana akopera, aloweza, belu lalira.

Wachiwiri ali ndi pulojekita. Waonetsa chithunzi chomwecho pakhoma, cha mitundu yokongola. Ana akopera, aloweza, belu lalira. Magetsi atha, koma phunziro silinasinthe.

Wachitatu ali ndi foni imodzi yokha, momwe adasungiratu kanema wa mphindi ziwiri. Asanautsegule wafunsa ana: mumasamba kuti, mumachapa kuti, mumawedza kuti, ng'ombe zimamwera pati? Ana ajambula mapu a mudzi wawo pabolodi, n'kuikapo Shire, madambo, zithaphwi ndi mijigo. Kenako, gulu ndi gulu, aonera tizirombo ta mchira wa mphanda tikutuluka m'nkhono n'kumasambira. Apa ndipo wafotokoza ulendo wonse.

Ulendowo ndi uwu, ndipo inunso muyenera kuudziwa. Munthu wodwala likodzo akakodza m'madzi, mazira amaswa, n'kutuluka timphutsi tomwe timayenera kupeza nkhono ya m'madzi ya mtundu wa Bulinus tsiku lisanathe, apo ayi timafa. M'nkhonomo timaswana kwa mwezi kapena kuposerapo. Kenako timatuluka tambirimbiri, makamaka masana dzuwa likatentha, nthawi yomwe ana amakonda kusambira. Timaboola khungu m'mphindi zochepa, popanda bala. M'thupi timakula n'kukhala nyongolotsi zomwe zimakakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, zaimuna ndi zazikazi, n'kumaikira mazira tsiku ndi tsiku kwa zaka. Dzira lililonse lili ndi kaminga. Mazira ena amatuluka ndi mkodzo, ndiwo amabweretsa magazi aja, makamaka pomaliza kukodza. Ena amakanirira m'thupi n'kumaononga chikhodzodzo, impso ndi ziwalo zoberekera.

Pomaliza mphunzitsi wachitatuyu wabwerera pa mapu aja n'kufunsa: ulendowu tingaudule pati? Ana okha atchula chimbudzi, mjigo, ndi kumwa mankhwala akabwera kusukulu. Foni yagwira ntchito mphindi ziwiri zokha pa phunziro lonse, koma zinali mphindi zoyenera.

Kafukufuku wa pakhomo pathu

Pali chifukwa china chomwe mphunzitsi wa Bayoloje amafunira foni kapena kompyuta: sayansi imayenda msanga kuposa mabuku, ndipo ina ikuchitikira m'Chigwa momwe muno.

Kafukufuku yemwe adachitika m'midzi ya ku Chikwawa, n'kusindikizidwa mu 2014, adapeza mazira a likodzo mwa pafupifupi theka la amayi omwe adayezedwa, komanso mwa ana ena oti sadayambe n'komwe sukulu. Izi zidaonetsa kuti matendawa si a ana a sukulu okha. Khanda losambitsidwa ndi madzi ongotungidwa kudambo nalo lili pachiopsezo.

M'zaka zaposachedwapa, akatswiri a Malawi Liverpool Wellcome Programme ku Blantyre ndi anzawo a Liverpool School of Tropical Medicine akhala akuchita kafukufuku wotchedwa HUGS m'maboma a Nsanje ndi Mangochi. Apeza kuti nyongolotsi ya likodzo ya anthu imatha kukwerana ndi inzake yomwe imakhala m'ziweto monga ng'ombe, n'kubereka mtundu wosakanizika, monga momwe zimakhalira ndi chimanga cha haibulidi. Kwa anthu a m'Chigwa, komwe ng'ombe ndi anthu amakumana pamadzi amodzi, nkhaniyi ndi yaikulu. Mwana yemwe amaweta ng'ombe Loweruka angamve phunziro la kusakanizika kwa mitundu ya zamoyo mosavuta akauzidwa kuti zikuchitika padambo lomwe amamwetsera.

N'chimodzimodzi ndi malungo. Katemera woyamba wa malungo, RTS,S, adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu Epulo 2019, ndipo Nsanje ndi Chikwawa adali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Buku losindikizidwa chakacho chisanafike silinena za katemerayu, koma mng'ono wake wa wophunzirayo walandira kale kusikelo. Mphunzitsi wotha kufufuza nkhani zatsopano, kapena woitana mlangizi wa zaumoyo kudzayankhula m'kalasi, amalumikiza ziwirizi.

Zipangizo zotsika mtengo ndi malire ake

Si zonse zamakono zomwe n'zodula. Mu 2014 Manu Prakash ndi Jim Cybulski a ku yunivesite ya Stanford adatulutsa Foldscope, maikulosikopu yopinda ndi pepala lolimba, yokhala ndi kagalasi kamodzi ngati ka Leeuwenhoek. Zopangira zake sizidafike dola imodzi ya ku America, ndipo imakulitsa chinthu ka 140. Munthu atha kuilumikiza ku kamera ya foni kuti ambiri aone nthawi imodzi. Palinso PhET, masewero oyerekezera a sayansi omwe adayambitsidwa ndi Carl Wieman ku yunivesite ya Colorado mu 2002. Ndi aulere, ndipo mphunzitsi akawatsitsa kamodzi amagwira ntchito popanda intaneti.

Koma inu mavolontiya a zaumoyo, apa tcherani khutu. Ofufuza ku Ghana adayesa Foldscope yolumikiza ku foni poyeza likodzo m'mkodzo, ndipo mu 2015 adapeza kuti mwa odwala 100 alionse idazindikira pafupifupi 56 okha. Chipangizo chabwino chophunzirira sichisanduka chipangizo choyezera matenda. Mwana wokodza magazi apite kuchipatala cha m'dera lanu kapena chachikulu cha pa boma, osati kulabotale ya sukulu. Ndipo ophunzira asauzidwe kubweretsa mkodzo kapena magazi m'kalasi, ngakhalenso kukatola nkhono za m'madzi ndi manja.

Zopinga za m'Chigwa

Ndondomeko yolembedwa ku Lilongwe ikafika ku Nsanje imakumana ndi zinthu zitatu.

Choyamba ndi magetsi. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti m'dziko muno ndi nyumba pafupifupi imodzi yokha mwa khumi yomwe inkaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengero chidali chotsika kwambiri. Ngakhale komwe mawaya adafika, mukukumbukira mdima womwe udabwera namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa mu Januwale 2022.

Chachiwiri ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo batire ya tabuleti kapena ya sola yosungidwa m'chipinda cha malata chopanda mpweya imatha msanga.

Chachitatu ndi madzi osefukira. Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu Marichi 2023: nthawi zonsezi sukulu zina zidamira, zina zidasanduka misasa ya anthu othawa madzi, maphunziro n'kuima.

Izi sizikutanthauza kuti ana a m'Chigwa asalawe zamakono. Zikutanthauza kuti chipangizo choyenera kuno ndi chogwira ntchito popanda intaneti, chotchajidwa ndi dzuwa, chonyamulika msanga madzi akamabwera, ndipo chikafa phunziro lisafe nacho.

Zomwe makolo mungachite

Komiti ya sukulu ikabwera ndi ganizo logula chipangizo, kapena bungwe likabwera ndi mphatso, funsani mwaulemu mafunso awa. Ndi mphunzitsi uti adzachigwiritse ntchito, ndipo waphunzitsidwa? Akasamutsidwa, atsala ndani wochidziwa? Chidzathandiza pa mutu uti wa m'silabasi? Chimafuna bandulo, ndipo azilipira ndani? Chikaonongeka chikakonzedwa kuti? Chizisungidwa pati nthawi ya dzinja? Atsikana nawo adzachigwira, kapena azingoonerera anyamata? Mayankho akakhala osamveka, mwina ndalamazo zingapindule kwambiri pogula magalasi okulitsira a m'manja, mabuku, kapena kutumiza mphunzitsi ku maphunziro.

Pa nkhani ya foni ya mwana, musathamange. Sukulu zambiri sizilola ophunzira kukhala ndi foni, ndipo foni yopanda woyang'anira imathera pa macheza. Ngati pakhomo pali foni yaikulu, n'kokwanira kumubwereka kwa nthawi yoikika, inu muli pompo, kuti aonere zomwe aphunzitsi atumiza.

Njira yabwino yodziwira ngati waphunziradi siifuna chipangizo chilichonse. Muuzeni akufotokozereni phunziro la lero m'chiyankhulo cha pakhomo, ngati akufotokozera agogo ake. Akatha kunena m'Chisena kapena m'Chimang'anja chifukwa chomwe madzi a kudambo amapatsira likodzo, ndiye kuti wamva. Akamangobwereza mawu a Chingerezi, waloweza chabe.

Mungathenso kupanga labotale pakhonde. Tengani kapu ya chogwirira, mutunge madzi okhala ndi mphutsi za udzudzu pachithaphwi chaching'ono cha pakhomo, m'tayala lakale kapena m'chigoba chomwe mwadikha madzi a mvula. Thirani m'botolo loonekera mkati, n'kumanga kukamwa kwake ndi kachidutswa ka neti yakale. Mwana aziyang'ana tsiku lililonse, kujambula m'kope, ndi kutola chithunzi ngati foni ilipo. Mphutsi za Anopheles, udzudzu wofalitsa malungo, zimagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi, pomwe za udzudzu wina zimalendewera mutu pansi. Pakatha sabata imodzi kapena awiri, udzudzu uoneka ukuuluka m'botolomo. Musautulutse: tsekani botolo n'kuliika padzuwa mpaka ufe. Mwana yemwe waona zimenezi sadikira kuuzidwa kawiri kuti akwirire zithaphwi ndi kugona m'neti.

Zomwe mavolontiya mungachite

Inu a m'makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi a magulu a amayi a pasukulu muli ndi chomwe kanema alibe: mumadziwa madambo ndi mayina awo, mumadziwanso zomwe anthu amakhulupirira. Kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo ndi mphunzitsi wa sayansi kuti phunziro la likodzo lichitike masiku ochepa mankhwala a praziquantel asanagawidwe pasukulu. Mwana womvetsa chifukwa chake sathawa tsiku la mankhwala.

Thandizani kufalitsa mfundo zoona izi. Kukodza magazi si chizindikiro chakuti mnyamata wakula, ndi matenda. Mwa atsikana ndi amayi, likodzo litha kugwira njira yoberekera n'kubweretsa kuwawa, kuyabwa kapena kutaya magazi, zomwe ena amaziyesa matenda opatsirana pogonana. Mtsikana wotere afunika chipatala, osati kunyozedwa. Mankhwala amwedwe munthu atadya, kuti asamuvutitse m'mimba kapena kumuchititsa chizungulire. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zomwe zili m'thupi, koma sateteza kuti munthu asatengenso akabwerera m'madzi omwewo. Ndipo komwe mjigo uli kutali, madzi osamba otungidwa kudambo awiritsidwe, kapena asungidwe m'ndowa masiku awiri athunthu, chifukwa tizirombo ta likodzo sitikhalitsa kunja kwa thupi. Kusungako n'kwa madzi osamba. Akumwa amafunikabe kuwiritsa kapena kuthira klorini, pokumbukira kolera yomwe idavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023.

Chenjeraninso ndi makanema a zaumoyo oyenda pa WhatsApp ndi Facebook. Musanaonetse ana kapena kutumiza kwa ena, afunseni a zaumoyo ngati zili zoona. Foni yomwe imaonetsa kachirombo kenikeni ndi yomweyonso imafalitsa bodza la mankhwala ochiza chilichonse.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sayansi imafuna kudekha komweko: kuyang'anitsitsa, kufunsa, kuyang'ananso. Chipangizo chabwino ndi chomwe chimathandiza mwana kuyang'ana motero. Choncho mawa akaweruka, musangomufunsa ngati anagwira tabuleti. Mufunseni chomwe waona, ndipo madzulo muone komwe akukasamba.